Lipoti la msonkhano wa zolowera Masters ya psychology ku South Africa

Wapampando ndi anzanga nonse a m'gulu lathu,

Monga munandituma, ndinakhala nawo pa msonkhano wa pa Zoom umene aphunzitsi ena a psychology a ku South Africa anakonzera ofuna kukapitiriza maphunziro kumeneko. Funso lanu linali lakuti malikisi amalemera bwanji posankha anthu a Masters. Mwachidule, malikisi ndi sefa yoyamba basi. Akachepa, fomu yako siwerengedwa n'komwe, koma akakwana, mpikisano ndiye wangoyamba.

Kumeneko digiri yoyamba ndi ya zaka 3, kenako Honours chaka chimodzi, ndiyeno Masters. Mayunivesite ambiri amafuna 65% ya Honours kuti ungololedwa kufunsira malo. Musanyengeke nayo nambala imeneyi. Kalasi ya Masters ya clinical psychology, yophunzitsa kuthandiza odwala maganizo, imatenga anthu ochepa kwambiri, nthawi zambiri osapitirira 12 pa chaka, pamene ofunsira amakhala mazanamazana, choncho wa 65 amapikisana ndi anzake a m'ma 70.

Chimene ndikufuna tichimvetse bwino ndi ichi: osankha sangoyang'ana avareji ya digiri yonse. Amatsegula transcript n'kuthamangira pa makosi a psychology a zaka zomaliza, makamaka research methods, statistics ndi projekiti ya kafukufuku. Amene anadzandira chaka choyamba koma n'kumakwera chaka ndi chaka amamuona ndi diso labwino kuposa amene anayamba bwino n'kumatsika. Enafe tinkangoti statistics bola kupasa, koma ndiyo kosi imene amaiyang'ana msanga.

Odutsa pa sefa ya malikisi amaitanidwa ku sabata yosankha. Kumeneko kumakhala maintavyu, zokambirana za m'magulu, ndiponso kuyerekeza kucheza ndi munthu wovutika maganizo aphunzitsi akuonerera. Apa wa 80 atha kugwa, wa 70 n'kutengedwa, chifukwa chimene akufuna ndi kukhwima maganizo, kumvetsera, ndi ntchito yothandiza anthu imene unagwirapo, ngakhale yodzipereka. Makalata a aphunzitsi okuchitira umboni amawerengedwanso. Ambiri amafunsira kangapo asanatengedwe, ndipo kumeneko si zamanyazi.

Tsono za ife a ku Malawi. Digiri yathu iyenera kaye kuunikidwa ndi SAQA, bungwe limene limanena mlingo umene pepala lakunja likugwera. Pa ndondomeko ya milingo ya maphunziro ya dzikolo, yotchedwa NQF, Honours ili pa mlingo 8, ndiye yako ikaikidwa pansi pa pamenepo, uyambira Honours ngakhale unaphunzira zaka 4. Chachiwiri ndi chowawa. Clinical imafuna internship ya chaka chimodzi, mayeso a HPCSA (bungwe lolembetsa ogwira ntchito zaumoyo kumeneko) ndi chaka cha community service (kutumikira m'zipatala za boma), ndipo malo ake amayamba aperekedwa kwa nzika ndi okhazikika m'dzikomo. Masters ya kafukufuku ndiyo yotsegukirapo kwa obwera, koma kumeneko malikisi ndi proposal zimalemera kwambiri, ndipo uyenera kupeza mphunzitsi wovomera kukhala supervisor wako. Ine ndikuona kuti ambiri a ife tiyambire kumeneku.

Ndikupempha zinthu ziwiri pa msonkhano wathu ukubwerawu. Tikhazikitse gulu lothandizana statistics la a chaka chachitatu ndi chachinayi, ndipo amene anamaliza atenge ma transcript awo msanga n'kuyamba za SAQA, chifukwa zimatenga nthawi pamene mafomu ambiri a clinical amatsekedwa chaka chisanafike pakati.

Ndine nthumwi yanu.