Kwa mwana wanga wa ku Lilongwe

Mwana wanga,

Mlongo wako ndiye wandiuza, ndipo usamukalipire, ndachita kumukakamiza. Akuti Loweruka lililonse umasewera chess ya ndalama ndi mnzako uja unabwera naye pa ukwati wa msuweni wako, wosavula magalasi akuda uja. Akuti mwezi watha ndalama ya renti inatsala komweko. Ngati ndi bodza undiuze. Koma ine ndakhulupirira, chifukwa ndinakuona ndi maso angawa mu Ogasiti.

Tinasangalala kuti munabwera nonse kudzapuma. Amayi ako mpaka lero akusimbabe za ulendo wa ku Cape Maclear uja. Mwera unali utaleka m'mawa umenewo, boti linatifikitsa bwinobwino ku Thumbi, ana akuona mbuna m'madzi, zija anthu amakwerera ndege kuchokera kutali kudzaziona. Mwini boti ataponya nsomba, nkhwazi inatsika n'kuiwakha, kamtsikana kako kakukuwa kuti adadi taonani. Iwe mutu uli pa foni. Unali pa Puzzle Rush, masewera a pa foni aja othamangitsa ma puzzle a chess (bolodi yoyalidwa kale, iwe upeze kusuntha kopambanira), ukuti mphindi zitatu zokha. Mphindi zitatuzo zinatha sabata yonse.

Usaganize kuti ndikudana ndi ma puzzle. Chess ndinakuphunzitsa ndine, pa bolodi ija inasowa rook imodzi tikumaikapo chitsekerero cha botolo. Unkalira ukagonja, amayi ako n'kumandikalipira kuti ndizikulekerako, ine ayi. Ndikudziwa bwino kuti magemu ambiri a anthu ngati ife satha chifukwa cha mapulani akuya. Amatha chifukwa wina wasiya bishopu popanda womuteteza, kapena hatchi yalumphira pakati n'kuopseza mfumu ndi mfumukazi nthawi imodzi, kapena mfumu yatsekeredwa kumbuyo ndi ma pawn ake omwe, rook n'kungobwera kudzamaliza. Zimenezi diso limazizolowera ndi ma puzzle, palibe njira ina. Pamenepo walondola.

Koma mmene ukuchitiramo simo. Ndinkakuyang'ana pakhonde paja. Chala chimafika pa galasi mutu usanaganize, ukalakwitsa katatu wayambanso, osabwerera kukaona chomwe unaphonya. Kumeneko n'kulotera. Tenga ochepa, uwayale pa bolodi yeniyeni, manja uwaike pansi pa tebulo. Yamba ndi ma check onse, oopseza mfumu aja, kenako zonse zodyeka, kenako zoopseza, ndipo pa chilichonse udzifunse kuti mnzangayo ayankha chiyani chomwe sindikuchifuna. Usasunthe kanthu usanaone mapeto ake. Puzzle imene yakugonjetsa lero ubwerereko mawa, ndi mkucha womwe. Asanu otere amaposa makumi asanu othamangitsa aja.

Tsono imva apa, chifukwa ndi pamene pakundisowetsa tulo. Nambala ija unandionetsa monyada si ya mphamvu zako pa gemu. Ndi ya ma puzzle, ndipo kwa anthu ambiri imakhala pamwamba kuposa ya gemu. Chifukwa chake n'chapafupi. Puzzle imakhala itakuuziratu kuti apa pali chopambanira, ntchito yako n'kungochipeza. Pa gemu palibe amene amakukodola kuti taona apa. Mwina palibe n'chomwe, ndipo ukapereka mfumukazi pofuna zokongola, wapereka basi. Nambalayo yakukweza mtima, ndipo mnzako uja akudziwa zimenezi kuposa iwe. Ndiuze ngati ndikunama: masiku oyamba unkamugonjetsa, eti? Ndalama ili yochepa. Itakwera ndi pamene anayamba kuona zonse. Ndinaziona zotere pa bawo kumsika kuno pafupi ndi mlatho, msodzi wagulitsa usipa wake m'mawa, akumulekera kawiri, pofika madzulo akupempha ya basi.

Munthu ameneyu si mnzako. Ndinamuona pa ukwati paja, sanapereke moni kwa amayi ako.

Ngati ukufunadi kudziwa pomwe wafika, Chess Association of Malawi imachititsa mipikisano, ndipo ku Lilongwe uli pafupi. Pita ukakhale pansi maola angapo, wotchi ili pambali, ukulemba chilichonse wasuntha, kuti ukafika kunyumba uone pomwe zinakhota. Ukagonja kwa mwana wa sekondale usachite manyazi, Gukesh wa ku India anatenga ukatswiri wa dziko lonse lapansi mu 2024 ali ndi zaka 18. Ndipo Amon Simutowe wa ku Zambia konkuno anakhala grandmaster, mlingo wapamwamba kwambiri wa osewera chess, mu 2009, ndiye usamati za kuno sizitheka. Ndalama yolembetsera mpikisano ndingathe kukuthandiza pa penshoni yangayi. Ya mnzako uja ayi, ngakhale kobiri.

Mpongozi wanga sananene kanthu sabata yonse ija. Anangotsuka ana, n'kuthandiza amayi ako kupala chambo, akuseka pomwe pafunika kuseka. Kukhala chete kumeneko kunandiopsa kuposa akanadandaula. Kodi fizi ya teremu ino walipira yonse? Usandiyankhe kuti zili bwino, undiuze kuti walipira kapena ayi.

Unali wochenjera kuyambira uli wamng'ono, ndiye zikundiwawa kuti akudyere munthu wotero. Kamtsikana kako nakonso katengera iwe. Ndinakaonetsa kamodzi mmene hatchi imalumphira, mawa lake kakundiopseza nayo rook. Uzikayalira ma puzzle osavuta madzulo, a mate yosuntha kamodzi, otsekereza mfumu gemu n'kutha, muzichita awiri. Bolodi yakale ija ndakupatsira kudzera mwa mlongo wako pamodzi ndi usipa wouma wa amayi ako.

Loweruka likubwerali usapiteko. Akakuimbira umuuze kuti bambo ako akukaniza, aseke ngati akufuna. Ineyo undiimbire Lamlungu madzulo, ndipo foniyo usapatse mkazi wako kuti ayankhe m'malo mwako.

Ndine bambo ako,
kuno ku Mangochi