Lipoti la msonkhano wa phunziro la Chingerezi womwe munanditumako ku Ngabu

A Wapampando, a Mphunzitsi Wamkulu, ndi makolo anzanga nonse a m'komiti,

Munandituma ku Ngabu Loweruka lapitali kuti ndikamve chimene chikugwetsa ana athu pa Chingerezi. Ndinapita ndi madamu amene amaphunzitsa Fomu 3 ndi Fomu 4. Tinanyamuka pa Bangula dzuwa lisanakwiye, ndipo tinakapeza aphunzitsi ndi makolo a m'masukulu ena a ku Chikwawa ndi kuno ku Nsanje atakhala kale pansi. Ndalama yotsala pa mayendedwe ndabweza kwa a msungichuma.

Ndiyambe ndi chimene makolo ambiri sitichidziwa bwino. Pa mayeso a MSCE, amene amakonza ndi a MANEB, mwana akalakwa Chingerezi salandira satifiketi, ngakhale atakhoza bwanji Masamu kapena Ulimi. Magiredi amayambira pa 1 kulekeza pa 9, ndipo 9 ndi kulephera. Wofuna ku yunivesite ayenera kupeza kirediti, ndiye kuti giredi ya 1 mpaka 6, m'maphunziro asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi. Phunziroli lili ndi mapepala atatu: la galamala ndi chimangirizo, la kumvetsa nkhani ndi kuifupikitsa, ndi la mabuku, limene anawo amalitcha litilecha.

Chinandikhudza kwambiri ndi chimene anatisonyeza mayi wina wophunzitsa kufupi ndi Nchalo. Analemba pa bolodi ziganizo zolakwika zimene anatola m'makope a ana ake, kenaka anatifunsa kuti zolakwazo zikuchokera kuti. Mwana walemba "My mother he is sick". Mayiwo anati taganizani, ifeyo timati "iye", kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi, ndiye mwana akamasokoneza "he" ndi "she" si kuti mutu wake sugwira, akungotsata lilime lake. Wina walemba "borrow me your pen" chifukwa kwathu kubwereka ndi kubwereketsa n'zapachibale, pamene Chingerezi chili ndi mawu awiri osafanana konse, "borrow" ndi "lend". Atatero anatembenukira kwa ife makolo n'kufunsa kuti, "Haven't you eaten?" Bambo wina anayankha kuti "Yes", kutanthauza kuti inde sanadye. Mzungu akamva yankho limenelo amati munthuyo wadya. Mawu oti "a" ndi "the" ife tilibe n'komwe, choncho ana amangowasiya kapena kuwamwaza paliponse.

Mankhwala ake, malinga ndi mayiwo, ali kale m'manja mwathu. Ana athu amaphunzira m'Chichewa za dzina, mneni, mlowam'malo ndi mperekezi. Mphunzitsi akanena kuti "pronoun" ndi mlowam'malo yemwe uja, ndipo "preposition" ndi mperekezi, mwana sayambanso pa chiyambi. Amangofunika kuuzidwa pamene ziyankhulo ziwirizi zasiyana: ife "pa", "ku" ndi "mu" zimatigwirira ntchito yaikulu, koma Chingerezi chili ndi "at", "on", "in", "to", "into" ndi ena ambiri. Kuno kwathu mwana amakula ndi Chisena kapena Chimang'anja, kusukulu akumana ndi Chichewa cha m'buku, pofika Sitandade 5 maphunziro ambiri ali m'Chingerezi. Katundu ameneyo ndi wolemera, ndipo ine ndikuona kuti kumuonetsa mwana mlatho ndi nzeru.

Mkangano unabuka pa nkhani yopereka chibalo kwa ana oyankhula chiyankhulo cha makolo pa sukulu. Aphunzitsi ena anati popanda chilango ana sangayese n'komwe kuyankhula Chingerezi. Ine ndinaimirira m'dzina lanu n'kunena kuti mwana woopa kulima bwalo kapena kutunga madzi pa dzuwa la kuno amangotseka pakamwa tsiku lonse, osayankhula Chisena, osayankhulanso Chingerezi. Sitinagwirizane, ndipo anati sukulu iliyonse ikambirane payokha. Ngati ndinalankhula mosemphana ndi maganizo anu, mundiuze.

Masana tinalowa za mabuku, ndipo apa m'pamene bala lathu lili. Ana ambiri akulowa m'chipinda cha mayeso asanawerenge bukulo. Amaloweza timapamfuleti ta mafunso ndi mayankho, basi. Aphunzitsi a pamalopo anaitana mtsikana wa Fomu 4, wochangamuka ndithu, amene analakatula makhalidwe a mpangankhani wamkulu wa m'sewero la Shakespeare osapunthwa pena paliponse. Atamupatsa buku kuti aonetse pamene munthuyo anachita zimenezo, anatembenuza masamba uku ndi uku mpaka misozi inalengeza. Sindimuimba mlandu. Buku limene anamupatsalo linali lofufuma, masamba ena omatirirana, chizindikiro cha madzi chikuonekera pachikuto. Akuti linanyowa pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndipo ndi limodzi mwa ochepa amene anapulumuka. Inunso mukukumbukira mmene makalasi ambiri kuno anasandukira misasa ya anthu othawa madzi, kuyambira pa chigumula cha 2015, kenaka namondwe wa Ana mu 2022.

Sewerolo linalembedwa zaka zoposa 400 zapitazo, ndipo Chingerezi chake n'chovuta ngakhale kwa eni ake. Koma ndinaona ndi maso anga njira yake. Anatitulutsa panja pansi pa mtengo wa nimu, ana asanu n'kugawana mbali. Poyamba anasewera chigawo chimodzi m'Chichewa mmene anachimvera, kenaka anachibwereza akuwerenga mawu enieni a m'bukumo. Ulendo wachiwiriwo nkhope zawo zinkasonyeza kuti akudziwa chimene akunena. Mphunzitsi wawo anawafunsa ngati akudziwa nkhani ina ya munthu wophedwa chifukwa cha nsanje ndi kulimbirana mphamvu. Mnyamata wina anatchula Mbona, amene kachisi wake ali ku Khulubvi. Kuchokera pamenepo mafunso okhudza mfundo yaikulu ya nkhani, malo amene ikuchitikira ndi apangankhani anayankhidwa mosavuta, ndipo mtsikana uja ndi amene anatsogola.

Tsono zimene ndikupempha komiti. Mabuku ochepa amene tili nawo asamakhalenso m'makatoni pansi. Tipeze bokosi lachitsulo ndi thandala lokwera mvula isanayambe. Madamu avomera kumakhala ndi ana a Fomu 3 ndi Fomu 4 masana awiri pa sabata kuti aziwerenga bukulo mokweza tsamba ndi tsamba, koma zimenezi zitheka ngati ife tileka kuwatuma kukaingitsa mbalame ku mapira kapena kukatola thonje pa masiku amenewo. Ndipo kunyumba, ngakhale inu amene simunapite patali ndi sukulu, madzulo muzimuuza mwana akufotokozereni nkhani imene akuwerenga, m'Chisena momwemo kapena m'Chimang'anja. Akakanika kuilongosola mudziwa kuti sanawerenge, ndipo mudzawauze madamu.

Nkhani ya chibalo ndi ya ndalama ya bokosi ndikupempha a Wapampando aziike pa mndandanda wa zokambirana pa msonkhano wathu wa Lachisanu likudzali. Madamu abwera ndi makope a ana kuti mudzaone nokha ziganizo zija.

Ine nthumwi yanu.