Kalata kwa Mnzanga pa za Kuyeza PET ndi DSC

Wokondedwa mnzanga,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko pamodzi ndi banja lonse. Kuno kulibe chovuta.

Wadandaula kuti PET, pulasitiki ya mabotolo akale, ikukupatsa zotsatira zosiyana tsiku lililonse pa DSC, makina oyeza kutentha kumene chinthu chimamwa kapena kutulutsa pochitenthetsa. Kawirikawiri olakwa sakhala makina ayi, koma kakonzedwe ka sampulo.

Komabe yamba ndi indium, chitsulo choyesera ngati makinawo akuwerenga molondola. Iyenera kusungunuka pa 156.6 °C, n'kumwa kutentha pafupifupi 28.5 J/g, pa liwiro lomwelo limene uyezere pulasitiki. Ikaphonya, konza makina kaye.

Dula kachidutswa kopyapyala, ka mamiligalamu 5 mpaka 10, kagone bwinobwino pansi pa kambale ka aluminiyamu. Kakakhala kokhuthala kapena kopindika, kutentha kumachedwa kulowa mkati, ndiye nsonga za pa girafu zimatambalala n'kusunthira kutsogolo. Kambale kachiwiri, koyerekezera, kakhale kopanda kanthu, nayitrojeni aziyenda 50 mL pa mphindi. Usaiwale chinyezi. PET imamwa madzi a mumpweya, madziwo amatsitsa Tg (kutentha kumene pulasitiki yolimba imayamba kufewa), ndipo pulasitiki ikasungunuka amadula maunyolo a mamolekyu ake. Umitsa sampuloyo mu uvuni wa vacuum (wochotsedwa mpweya), koma osapitirira 60 °C, chifukwa ukadutsa Tg wayamba kale kusintha chinthu chimene ukufuna kuyezacho.

Tsono apa ndi pamene ambiri amasokonekera. Tenthetsa 10 °C pa mphindi kufika 280 °C, dikira mphindi 5, ziziritsa, kenaka tenthetsanso. Ulendo woyamba ukukuuza zimene botololo linadutsamo: mmene analikokera pofufumitsa ndiponso kukalamba kwake. Wachiwiri ndiwo ukukuuza za pulasitiki yeniyeniyo. Poyerekeza masampulo, ine ndimakhulupirira wachiwiri basi.

Tg imaoneka pakati pa 70 ndi 80 °C, ngati sitepe, osati nsonga. Ukaona kansonga pamwamba pa sitepeyo usati n'kusungunuka. Ndi kukalamba chabe, ndipo ulendo wachiwiri kamasowa. Ngati unaziziritsa mothamanga, makristalo (malo amene maunyolo aja amafola mwadongosolo) adzapangika potenthetsa, cha pa 120 mpaka 140 °C, n'kutulutsa kutentha. Ukaziziritsa pang'onopang'ono amapangikiratu pozizira, ndipo sitepe ya Tg imachepa mpaka kuvuta kuiona. Choncho liwiro loziziritsira lizikhala limodzi kwa masampulo onse. Kusungunuka kumabwera cha pa 250 °C.

Powerengera kuchuluka kwa makristalo, tenga kutentha kosungunulira, chotsapo kuja kunatuluka makristalo akupangika, ugawe ndi 140 J/g, kutentha kosungunulira PET ya makristalo okhaokha. Ukapanda kuchotsapo, nambala imakwera mwabodza.

Zivindikiro za mabotolo, zopangidwa ndi mapulasitiki ena otchedwa PP ndi HDPE, nazo zimalowerera mu sampulo. PP imasungunuka cha pa 165 °C, HDPE cha pa 130 °C, pamalo omwe aja a makristalo a PET, kungoti nsonga ya HDPE imaloza mbali ina. Pulasitiki ya PVC yokha usaiyandikitse n'komwe: ikatentha imatulutsa mpweya wa asidi wotchedwa HCl umene umadya sensa.

Unditumizire magirafu a maulendo onse awiri, ulembenso kulemera kwa sampulo iliyonse. Upereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzako wa kuno kumudzi.