Anthu akudumpha tepi pamene tikudula mitengo, koma mlandu si wawo okha

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule za anthu amene amadumpha tepi yotchinga, kapena kukwawira kunsi kwake, pamalo pamene pakudulidwa mitengo. Ntchito yanga ndi yomweyi: kukwera mitengo, kusadza nthambi, ndi kugwetsa imene yafumbwa kapena yayandikira nyumba ndi mawaya a magetsi. Ndili ndi mawu kwa odutsa, koma ochuluka ndasungira anzanga a ntchito, ngakhale ndikudziwa kuti ena sawakonda.

Munthu akaona tepi yazinga bwalo lalikulu chonsecho mtengo uli cha uko, amaganiza kuti tikukokomeza. Amasuzumira kumwamba, aona kuli zii, ndiye amati, "Ndingodutsa msangamsanga, achimwene." Tsoka lake n'lakuti nthambi ili ndi msanga woposa wake. Chipika chachiwisi cha mtengo wolimba, chotalika mita imodzi, chonenepa masentimita 30 m'mimba mwake, chimalemera pafupifupi makilogalamu 70. Chikapulumuka pa mamita 10 m'mwamba, chimafika pansi isanakwane sekondi imodzi ndi theka, chikuthamanga pafupifupi makilomita 50 pa ola. M'kanthawi kameneko munthu sangamve mfuu, n'kuzindikira kuti akukuwira iyeyo, n'kusankha kothawira. Ambiri amangotukula mutu basi. Ndiponso chipika sichikhala pamene chagwera. Chimanjanja, chimagubuduzika, ndipo nthambi youma ikamenya pansi imasweka n'kumwaza zidutswa kutali.

Kukula kwa bwalo sitichita kulota. Pogwetsa mtengo wathunthu, lamulo lodziwika pa ntchitoyi, limene mabungwe oona za chitetezo cha pa ntchito monga OSHA ku America ndi HSE ku Britain amagwiritsa ntchito, n'lakuti wina aliyense atalikire kuwirikiza kawiri kutalika kwa mtengowo. Mtengo wa mamita 20 umafuna mamita 40, mbali zonse, osati kumene tikufuna ugwere kokha. Mphepo imatembenuka. Thunthu looneka labwino kunja limapezeka lili mphako m'kati. Mtengo ukamagwa umatha kuwomba unzake n'kuuthyola nsonga, nsongayo n'kugwera kumene palibe amene amayembekezera.

China chimene odutsa sadziwa n'chakuti ife sitikuwaona ndipo sitikuwamva. Macheka a injini amalira kupitirira madesibelo 100 pa muyeso wa kukula kwa phokoso, n'chifukwa chake timatseka makutu. Maso amakhala pamene tikucheka, poti mano a machekawo amathamanga mamita pafupifupi 20 pa sekondi, ndipo nsonga yake ikakhudza chinthu molakwika macheka onse amadumphira kumaso kwa wochekayo. Amene ali m'mwamba, masamba amamubisira zapansi. Ndiye pali nthawi ina yovuta kwambiri. Timayamba ndi kusema mbali imene tikufuna mtengo ugwere, kenako timacheka kumbuyo, n'kusiya kachigawo kosadula pakati kamene kamauwongolera pogwa. Kucheka kwa kumbuyoko kukafika patali, mtengo suyembekezeranso munthu. Mutha kuzimitsa macheka, koma ukayamba kupendekeka palibe angaubweze. Wolowa nthawi imeneyo amaikanso moyo wa wodulayo pachiswe, chifukwa iye akatembenuka kuti akuwe, wachotsa maso pa mtengo umene ukusuntha. Za omwe amabwera kumbuyo n'kukugwira paphewa macheka akulira, kuti afunse ngati nkhunizi zili ndi mwini, sindinena zambiri, ndingapse mtima.

Tsopano kwa anzanga. Ndamvapo ena akuti, "Asiyeni, tepi tinamanga, samva adzamva nkhwangwa ili m'mutu." Mawu amenewa ndimawakana. Nthambi ikavulaza munthu, amene anaidula ndiwe, ndipo kunena kuti tepi inalipo sikudzakugonetsa tulo. Kuonjezera apo, amene tinaphunzitsa anthu kunyoza tepi ndife tomwe. Timamaliza ntchito n'kuisiya ikuuluka masiku ambirimbiri. Timaimanga m'mamawa n'kupita kwina, anthu n'kumadutsa tsiku lonse osaona chilichonse choopsa. Timaimangirira pa kamtengo kofooka, pofika masana ili pansi anthu akuiponda. Munthu amene wadumpha tepi kakhumi popanda kanthu, tsiku limene pali ngozi yeniyeni adzaidumphanso, ndipo si kupusa, n'zimene wazolowera.

Choipa kwambiri n'kutseka njira yokhayo ya oyenda pansi popanda kuwaonetsa kwina kodzera. Mayi amene wagwira mwana padzanja, tikamuuza kuti asankhe pakati pa kutsikira mumsewu wa magalimoto ndi kudzera kunsi kwa mtengo umene ukuoneka kuti uli phee, adzasankha mtengo, ndipo ine sindingamudzudzule. Woyenda pa njinga ya olumala sangadumphe ngalande kuti azungulire. Munthu wosaona, ndodo yake imadutsa kunsi kwa tepi osakhudza kanthu. Mwana wamng'ono sawerenga chikwangwani, iye phokoso la macheka ndi limene limamuitana. Pali ndi awa oyenda maso ali pafoni, makutu atatseka ndi mahedifoni. Onsewa tepi siiwaimitsa.

Amene amawaimitsa ndi munthu mnzawo. Polowera paliponse pafunika mlonda amene ntchito yake ndi yokhayo, kuyang'ana anthu. Apa ndi pamene mabwana ambiri amaumira. Amati yemweyo azikokanso nthambi, azigwiranso chingwe chotsitsira zipika, azithiranso mafuta m'macheka. Koma wogwira chingwe maso ake amakhala kumwamba, ndipo m'pomwe ayenera kukhala. Sangaone mwana amene wabwera kumbuyo kwake. Pamene pamadutsa anthu ambiri, tepi ilowedwe m'malo ndi mpanda woimika wa zitsulo kapena wapulasitiki, woti munthu sangaudutse mosadziwa.

Pakhalenso mgwirizano womveka pakati pa wam'mwamba ndi apansi. Wam'mwamba asanamalize kudula aitane, ndipo asadule mpaka atayankhidwa kuti pansi palibe munthu. Kukhala chete si kuvomera ayi. Mwina wapansiyo sanamve, mwina akulimbana ndi munthu amene walowa. Wezulo imathandiza chifukwa imapyoza phokoso la injini: ikalira, macheka onse azime, ndipo aliyense pagulupo, ngakhale amene wayamba ntchito dzulo, akhale ndi ufulu woiliza popanda kukalipiridwa pambuyo pake.

Kalankhulidwe nakonso n'kofunika kuposa mmene timaganizira. "Iwe, sukuona tepi?" amabala mkangano, ndipo munthu amene wachititsidwa manyazi pagulu amalimbikira dala kuti adutse. Koma mukati, "Pepani bambo, taimani pomwepo, pali nthambi ikutsika, tikudutsitsani pakangotha mphindi ziwiri," ambiri amaima, ena mpaka amathandiza kuimitsa anzawo. Chachikulu n'chakuti mphindi ziwirizo zikhaledi ziwiri. Tsitsani nthambi, zimitsani macheka, dutsitsani onse amene adikira, mutsekenso. Ntchito imachedwa, inde, koma anthu akadziwa kuti kudikira kuli ndi malire, sayesa kuzemba.

Nanga wamakani, amene wauzidwa mwaulemu koma walowabe? Musamugwire, musamukankhe, musatukwanizane naye. Imitsani zonse. Macheka akangoti zii, gulu lonse n'kuima kumuyang'ana, anthu ambiri amachita manyazi n'kufulumira kutuluka. Akakhazikika m'katimo, kapena akamabwerabwera, itanani mwini malo kapena apolisi, ndipo lembani nthawi ndi zimene zachitika, chifukwa mawa yemweyo atha kunena zina. Nthabwala ija yoti "mugwetsereni kanthambi pafupi aphunzire" isamanenedwe n'komwe pamaso pa achinyamata amene akuphunzira ntchito. Tsiku lina wina adzaichitadi.

Zambiri zimatheka ntchito isanayambe. Pafupi ndi sukulu musagwetse mtengo nthawi imene ana akupita kapena akuweruka. Oyandikana ndi malowo auzidwe dzulo lake, kuti achotse magalimoto ndi kudziwa kodzera. Ofuna nkhuni auzeni nthawi yobwera, ntchito itatha, apo ayi adzakhala akuzungulira tepi tsiku lonse. Pa nthawi yopuma pasasiyidwe mtengo wocheka theka kapena nthambi yoduka imene yakodwa m'mwamba popanda woyang'anira, pakuti pamene macheka ali chete m'pamene anthu amayesa kuti zatha. Zikathadi, masulani tepi yonse mupite nayo.

Pomaliza ndipemphe amene mumatilemba ntchito, kaya ndinu eni nyumba, akuluakulu a sukulu kapena a khonsolo. Pokambirana ndi wodula mitengo, mufunseni kuti adzabwera ndi anthu angati, ndani adzayang'anira odutsa, ndipo oyenda pansi adzadzera kuti. Wotchipa kwambiri nthawi zambiri amakhala atachotsa mlonda pa gulu lake. Tsiku la ntchitolo galu mumumange, ana akhale m'nyumba, ndipo inunso muime kunja kwa malire ngati wina aliyense. Kunena zoona, eni malo ndi amene amativuta kuposa odutsa, chifukwa amabwera kudzatilozera nthambi yoti tidule ataima kunsi kwake kwenikweni.

Ine wanu,
Wodula mitengo