Yesani njinga musanalipire

Akonzi,

Ndiloleni ndichenjeze anzanga amene akufuna kugula njinga zamagiya zokwerera mapiri. Chaka chatha ndinagula ya kaunjika chifukwa chokopeka ndi utoto wake, koma felemu inali yaikulu kwambiri, moti msana unkandiwawa ndikamakwera msewu wopita pamwamba pa phiri la Zomba.

Wogula aime pansi felemu ili pakati pa miyendo, ndipo pakati pa chitsulo cha pamwamba cha felemuyo ndi thupi lake patsale mpata wokwana zala zinayi. Akakhala pachishalo, bondo lizipindika pang'ono chabe pedulo ikafika pansi. Matayala a mainchesi 29 amadutsa bwino pamiyala, komabe ine ndimalangiza a mainchesi 26, popeza machubu ndi masipoko ake amapezeka ngakhale kwa okonza njinga akumudzi.

Wowerenga wanu,
Zomba