Kalata yodandaula: munamata tepi pa nyali ya airbag m'malo mokonza galimoto yanga

Kwa a Manejala,

Ndasankha kulemba chifukwa foni yandikwana. Ndikaimba ku ofesi yanu amandiuza kuti bwana ali pa msonkhano, kapena angotuluka kumene, kapena andiimbira okha madzulo. Madzulo akewo sanafikebe mpaka lero. Fayilo ya galimoto yanga ili komweko ndipo ndalama zimene ndinalipira zili m'mabuku anu, choncho sindibwereza zimene mukuzidziwa kale. Ndinena zimene anyamata anu sanakuuzeni, kapena anakuuzani koma inu munaona ngati n'zazing'ono.

Galimotoyi ndinagula kwa inu. Itayamba kuyatsa nyali ya airbag (kathumba kamene kamafufuma pa ngozi kuteteza munthu), hutala nayo n'kumalira pamene yafunira yokha, ndinabwera nayo kwa inu nomwe. Pa kauntala ndinanena ndekha kuti ndikukayikira clock spring, kachingwe kopiringizika kamene kamakhala kuseri kwa chiwongolero, poti hutala ndi airbag ya dalaivala zonse zimadzera mmenemo. Anyamata anu anavomereza, analemba mtengo wa yatsopano, ine ndinalipira. Pondipatsa makiyi anandilozera dashibodi nati, "Onani mayi, nyali ija yazima." Inazimadi. Hutala inalira bwinobwino pageti panu, n'kuyambiranso khalidwe lake lakale ndisanafike pa Chezi.

Aliyense wokonda galimoto amadziwa kuti ukatembenuza kiyi, nyali ya airbag imayenera kuyaka kwa masekondi angapo pamene kompyuta ikudziyeza, kenako n'kuzima. Yanga siyaka n'komwe. Ya oyilo imayaka, ya batire imayaka, ya ABS imayaka n'kuzima, koma pamalo pa kamunthu kokhala pampando kaja pali mdima wokhawokha. Wokonza zamagetsi a galimoto kuno ku Salima anamasula dashibodi ine ndili chiimire pomwepo, ndipo tinapeza tepi yakuda itamatidwa pa kababu, yodulidwa mwaluso ndithu, m'mbali mwake mosalala. Atalumikiza makina ake a kompyuta, anaonetsa kuti magetsi sakufika ku airbag ya dalaivala. Clock spring ndi yomwe ija, fumbi lake losasunthika. Zithunzi ndili nazo. Luso lodulira tepilo ndalitama, kungoti si limene ndinalipirira.

Mukudziwa kuti ndimakhala ku Salima, adiresi ili pa fayilo. Kuti ndifike kwanu ndimayenda makilomita pafupifupi 100 pa msewu wa M14, ndi mafuta amene nthawi zina ndimachita kuwagonera pa mzere, nditapempha tchuthi kuntchito komanso nditapeza wokatenga ana kusukulu. Ulendo wina ndinauzidwa kuti wamagetsi wanu wapita ku maliro. Ulendo wina wamagetsiyo analipo koma makiyi a sitolo ya zipangizo anapita ndi bwana. Tsiku lina anandikhazika pa benchi kuyambira m'mawa, galimoto ili padzuwa osaigwira ndi chala chomwe, mpaka mlonda anayamba kukoka geti. Maulendo onsewa ndinkanyamuka nditaimba kaye, munthu wa mu ofesi yanu atanena yekha kuti, "Bwerani mayi, zonse zili m'malo." Maliro sindikutsutsa, amagwa osapangana. Koma foni imene munandiitanira ndi yomweyo mukanandiletsera ndisanadutse pa Mvera.

Chimene chandilembetsa kalatayi kwenikweni ndi foromani wanu. Nditamuonetsa zithunzi za tepi ija, sanaziyang'ane n'komwe. Anaseka, n'kutembenukira kwa makasitomala ena amene anali pamenepo, n'kunena mokweza kuti, "Mayi, airbag mukuifuniranji, mwakonza zokagundana ndi ndani? Minibasi zonse zili mumsewumu zili ndi airbag? Ingoyendetsani bwino basi." Nditamufunsa kuti clock spring yakale imene akuti anachotsa ili kuti, anati zakale amataya. Nditamuuza kuti yakaleyo ikadali m'galimoto, ndi pamene anamaliza nane: "Izi n'zamagalimoto mayi, si za pa YouTube. Muwauze abambo akunyumba abwere tidzakambirane amuna okhaokha."

A Manejala, galimotoyo ndinagula ine, ndi ndalama zanga, ndipo pa blue book pali dzina langa. Polandira ndalamazo palibe anandiuza kuti ndikaitane abambo akunyumba. Ndinakulira pansi pa Peugeot 504 ya malemu bambo anga ndikuwapatsira masipanala, ndipo ma brake pad ndimasintha ndekha Loweruka pakhomo. Koma ngakhale ndikanakhala wosadziwa kusiyana kwa injini ndi batire, ulemu sayezera pamenepo. Anthu anaseka, ine ndinangotola chikwama changa. Anali ndi mwayi kuti ndinaleredwa.

Popeza foromaniyo anandifunsa mafunso pagulu, ndimuyankhe kudzera mwa inu. Palibe amakonza zokagundana. Msewu wa Salima mumaudziwa: makona otsetsereka a m'mapiri a Dowa, mbuzi zodumphira mumsewu, akabaza a njinga atanyamula matumba a makala opingasa, malole ofera pakona usiku atangoika nthambi m'malo mwa triangle. Ine ndikhoza kuyendetsa mosamala chotani, koma wobwera kutsogoloyo sindimuyendetsera ndine. Zoti minibasi zilibe airbag si chifukwa choti nanenso ndikhale wopanda. Ndinalipira kuti ndikhale nayo. Choopsa china n'chakuti nyali imene munaiphimbayo si ya airbag ya dalaivala yokha. Ndi yomweyo imachenjeza za airbag ya wokwera kutsogolo komanso za tizipangizo tokoka lamba kuti akugwire zolimba pa nthawi ya ngozi. Chinthu china chikadawonongeka mmenemo, ndikadadziwira kuti? Munandisiyira vuto, n'kundilandanso njira yodziwira mavuto ena.

Foromaniyo anatinso galimoto zakale zinalibe zonsezi koma anthu ankafika, n'kundiuza kuti ngati ndili ndi mantha andiikire bull bar, chitsulo chotchinga kutsogolo kwa galimoto, pamtengo wabwino. Mawu amenewa ndimawamva kawirikawiri kwa anzanga okonda galimoto, akuti zamasiku ano ndi zitini, kungogunda pang'ono zapindika. Ine 504 ija ndimaikonda mpaka lero, koma pa nkhani iyi sindigwirizana nawo. Galimoto yamakono imapindika kutsogolo mwadala, kuti mphamvu ya kugundako ithere m'chitsulo isanafike pachifuwa cha munthu. Si nzeru yadzulo ayi. Mercedes-Benz anatulutsa galimoto yopangidwa motero mu 1959, chaka chomwecho Volvo anayamba kuika lamba wodutsa paphewa ndi m'chiuno wopangidwa ndi Nils Bohlin, dziko lino likadali Nyasaland. Chitsulo cholimba chowotcherera kutsogolo chimasokoneza mapindikidwe amenewo, chikhoza kusokoneza tizipangizo timene timauza airbag nthawi yophulika, ndipo mwana wasukulu kapena wakabaza amene wagundidwa nacho ndiye amavulala koposa. Munthu amene mwamuika kuyang'anira galaja akamagulitsa bull bar ngati mankhwala a airbag yakufa, vuto lanu ndi lalikulu kuposa galimoto yanga imodziyi.

Palinso funso limene ndinafunsa tsiku logula ndipo mpaka pano silinayankhidwe. Ndinapempha kuti muone, pogwiritsa ntchito nambala ya chesesi, ngati galimotoyi ili m'gulu la zimene zinaitanidwa kuti zikakonzedwe chifukwa cha ma airbag opangidwa ndi kampani ya Takata, ndipo ngati ilimo, ngati inakonzedwa isanachoke ku Japan. Wogulitsa wanu anati aona. Nkhaniyi si mphekesera ya pa Facebook. Ma airbag amenewo ankaphulitsidwa ndi ammonium nitrate, mankhwala omwewo amene ali mu feteleza wa CAN, ndipo akakhala zaka zambiri m'malo otentha ndi a chinyezi amasintha, n'kuphulika mopyola muyeso mpaka kachitini kake kuswekera kumaso kwa dalaivala. Anthu anafa nazo m'maiko angapo. Ku America kokha anaitana ma airbag pafupifupi 67 miliyoni, kampaniyo inagwa mu 2017, ndipo kuyambira mu 2018 boma la Japan linayamba kukana kupereka chiphaso cha shaken, chololeza galimoto kuyenda pamsewu, kwa galimoto zina zosakonzedwa. Galimoto imene sikuloledwanso pamsewu kwawo, mukuganiza imalowera kuti? Zambiri za ku Japan zimatipeza ife kudzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe. Ndiye ganizirani kutentha ndi chinyezi cha kuno kunyanja mwezi wa Novembala ndi Disembala, galimoto itakhala padzuwa tsiku lonse. Sindikunena kuti yanga ili m'gululo. Ndikunena kuti kufufuza kwake n'kwa mphindi zochepa pa intaneti, ndipo inu amene mumaitanitsa galimoto n'kulemba pa chikwangwani kuti zonse n'zoyezedwa ndinu oyenera kukhala ndi yankho lolembedwa.

Tsopano zimene ndikufuna ndi izi. Muike clock spring yatsopano imene ndinalipira kale, ine ndikuona ikutuluka m'bokosi lake, ndipo yakaleyo mundipatse m'manja. Tepi ichoke, makina a kompyuta alumikizidwe pamaso panga, nyali iyake n'kuzima yokha monga anaipangira. Ngati simungathe, mundibwezere ndalama zonse ndikakonzetse kwina; ku Lilongwe magalaja sanathe. Mundibwezerenso ndalama za mafuta a maulendo amene munandiitana pachabe pamodzi ndi zimene ndinalipira wamagetsi wa kuno, malisiti ndawaphatikiza ku kalatayi. Yankho la nkhani ya Takata ndilifuna pa pepala la kampani yanu. Za foromaniyo, kupepesa kwa pakona sindikufuna, poti kunyozako sikunachitikire pakona.

Ndikupatsani masiku 14 kuchokera tsiku limene mwalandira kalatayi. Akadutsa, zithunzi, malisiti ndi kalata yomweyi ndikazitula ku Competition and Fair Trading Commission ndi ku Consumers Association of Malawi, chifukwa kulemba pa lisiti chipangizo chimene simunaike kuli ndi dzina lake m'malamulo. Ndidzauzanso anzanga onse amene ndinawalozera kwa inu, ndipo si ochepa, kuti atembenuze kiyi ayang'ane ngati nyali yawo ya airbag ikuyaka. Ndikukulangizani muyambe mwayang'ana nokha pa galimoto zimene zili pabwalo lanu panopa.

Mundiyankhe polemba, inuyo mwini wake. Foromani uja asandiimbire.

Ine kasitomala wanu,
wa ku Salima