Mchere Sugonjetsa Yisiti Aliyense

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa chikhulupiriro chofala chakuti chakudya chikangothiridwa mchere wambiri palibe kachilombo kamene kangakhalemo. Mchere umatetezadi nsomba ndi nyama chifukwa umakoka madzi m'maselo a tizilombo mpaka kufota, koma pali mitundu ya yisiti imene imakula bwino m'malo otere.

Mtundu wa Debaryomyces hansenii umapezeka m'tchizi ndi m'nyama yothira mchere. Wina wakuda, Hortaea werneckii, umene Nina Gunde-Cimerman ndi anzake a pa yunivesite ya Ljubljana anaupeza m'maiwe ophikira mchere a Sečovlje ku Slovenia, umapirira madzi okhala ndi mchere pafupifupi 30 peresenti, pamene madzi a nyanja yamchere ali ndi 3.5 peresenti basi. Yisiti yemweyu ndiye amachititsa banga lakuda losapweteka limene limatuluka m'chikhatho cha munthu, pamene pamakhala thukuta lamchere.

Mphamvu yake yagona pa kakhungu kokuta selo, kamene kamapangidwa ndi mafuta. Mchere ukachuluka, kakhungu kameneka kakhoza kuuma gwa n'kusiya kufewa, ndipo kakatero timapampu timene timatulutsa sodiyamu (mbali ina ya mchere) m'selo sitigwiranso ntchito bwino. Choncho Hortaea amachulukitsa mafuta a mtundu wosaundana, onga mafuta ophikira amene amayendabe kukazizira pamene a ng'ombe agwirana kale, ndipo salola kuti ergosterol, chinthu chimene chimalimbitsa kakhunguko, achuluke kwambiri poyerekeza ndi mafuta enawo. Kakhungu kofewa kali ndi vuto lake: glycerol, amene selo imadziunjikira kuti madzi asathawe, akhoza kudontha. Ofufuzawo anaona kuti melanin, amene amadetsa yisitiyu, amakhuthala m'chipupa cha selo, chimene chili kunja kwa kakhunguko, n'kuthandiza kuti glycerol asatayike. Ine ndimaona kuti kugwirizana kwa kufewa m'kati ndi kutseka kunja ndiko kofunika koposa pa nkhani yonseyi.

Pachifukwa chimenechi, ogulitsa nsomba zamchere aziumitsa mokwanira ndi kuzisunga pouma, osangodalira mchere wokha. Ndikupemphanso akatswiri a m'mayunivesite athu kuti afufuze yisiti wa m'madzi a nyanja ya Chilwa ndi m'dothi lamchere la ku Chikwawa, popeza njira zimene yisiti amapiririra mchere zikufufuzidwa kale kunjaku pofuna kupeza mbewu zotha kukula m'minda yamchere.

Ine wowerenga wanu,
Zomba